Mangochi siikusowa womwetsa zigoli, ikusowa khoma

Boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018. Lili ndi sitediyamu yakeyake. Lili ndi anyamata omenya mpira kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chembe, m'mawa pamchenga, madzulo pabwalo la sukulu. Koma pa matimu 16 amene anasewera mu TNM Super League mu 2024, panalibe ngakhale imodzi yochokera kuno. Karonga inali ndi awiri, Karonga United ndi Baka City. Chitipa inali ndi yake, Dedza inali ndi yake, Mulanje inali ndi FOMO. Ife a kunyanja ntchito yathu ndi kudikira kuti matimu a ku Blantyre kapena ku Lilongwe atiyendere, tilipire pageti, tiwachemerere, kenako tiwatsanzike.

Nkhaniyi ikabuka pa gulu la WhatsApp la ana a ku Mangochi amene ali m'makoleji, mayankho amakhala awiri okhaokha. Loyamba ndi lakuti tilibe ndalama. Lachiwiri ndi lakuti tilibe sitiraika, ndiye kuti titangopeza Gabadinho wathu, basi zonse zayera. Za ndalama n'zoona, ngakhale kuti Chitipa si boma lolemera kuposa lathu. Koma yankho lachiwirili ndi limene ndikufuna kulimbana nalo, chifukwa ndi bodza limene latidyera ndalama zochepa zomwe timakhala nazozo. Omwetsa zigoli tili nawo, mudzi uliwonse uli ndi wake. Chimene tilibe ndi goloboyi wophunzitsidwa, otchinga kumbuyo odziwa poima, ndi nambala 6 wodziwa kulanda mpira n'kuupereka kwa mnzake. Ndipo sitikuwasowa mwangozi ayi. Timawathamangitsa tokha.

Ndiyambire kutali pang'ono, ku masewero amene ambiri a ife timangowaona m'mafilimu: mpira wa ku America, uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. M'masewerowa muli munthu mmodzi wotchedwa quarterback. Iyeyu ndi amene amaponya mpira, ndi amene amalandira ndalama zambiri, ndi amene nkhope yake imakhala pa zikwangwani. Kutsogolo kwake kumaima zimphona zisanu, zambiri zolemera makilogalamu oposa 130, zotchedwa offensive line. Anthu asanuwa sagoletsa. Nthawi zambiri malamulo sawalola n'komwe kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo. Ntchito yawo ndi imodzi: kutsekereza adani kwa masekondi awiri kapena atatu kuti quarterback aone koponya. Akagwira bwino ntchito, palibe amawatchula. Akalakwitsa kamodzi, dziko lonse limawadziwa dzina.

Mu July 2020, timu ya Kansas City Chiefs inapatsa quarterback wake, Patrick Mahomes, kontirakiti ya zaka 10 ya madola 450 miliyoni. Pa 7 February 2021 timuyi inalowa m'bwalo kukasewera Super Bowl, ndime yomaliza ya ligi yawo, ndi Tampa Bay Buccaneers. Awiri mwa zimphona zake zodalirika, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, anali ovulala. Zimene zinachitika usiku umenewo n'zomvetsa chisoni. Mahomes anakhalira kuthawa ngati mbewa yotulutsidwa ku una, ndipo Chiefs inagonja 31-9. Munthu wodula kwambiri mu ligi yonse anasanduka wopanda ntchito chifukwa khoma lake linali ndi ziboo ziwiri.

Chimene akuluakulu a timuyi anachita pambuyo pake ndi chimene ndikufuna tione. Sanapite kukasaka woponya wina kapena wothamanga wina wotchuka. M'miyezi yochepa anagula Joe Thuney pa madola 80 miliyoni a zaka zisanu, anatenga Orlando Brown Jr. kuchokera ku Baltimore, ndipo anasankha anyamata awiri a ku koleji, Creed Humphrey ndi Trey Smith. Onsewa anali a pakhoma. Pa 12 February 2023 anakumana ndi Philadelphia Eagles, timu imene m'chaka chimenecho inali itagwetsa ma quarterback ka 70 mu ligi. Mahomes sanagwetsedwe ali ndi mpira m'manja ngakhale kamodzi, ndipo Chiefs inapambana 38-35. Patatha zaka ziwiri, khoma lija litayambanso kuchucha mbali ya kumanzere, Eagles yomweyo inamugwetsa kasanu ndi kamodzi n'kupambana 40-22. Mahomes anali yemweyo m'masewero onse atatu. Chimene chinkasintha ndi anthu oima patsogolo pake.

Wina anena kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife okwera kabaza pa Mangochi Boma. Chabwino, tiyeni tibwere kwathu, tione Flames.

Mukafunsa aliyense za mpikisano wa AFCON umene unachitikira ku Cameroon mu January 2022, akuuzani chinthu chimodzi: chigoli cha Gabadinho Mhango, chija anamenya ali kutali kwambiri pamasewero ndi Morocco ku Yaoundé. Chinali chigoli chokongola, palibe wotsutsa. Koma dzifunseni kuti Malawi inafika bwanji mu ndime ya matimu 16 imeneyo. M'gulu lathu tinagonja 1-0 ndi Guinea, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1, kenako tinalepherana 0-0 ndi Senegal. M'masewero atatu tinangolowetsedwa zigoli ziwiri. Pointi imene inatidutsitsa inachokera pa 0-0 uja, pomwe Sadio Mané ndi anzake, amene anadzatenga chikhocho patatha milungu yosakwana itatu, analephera kudutsa anyamata ngati Stanley Sanudi, Dennis Chembezi, Lawrence Chaziya ndi Gomezgani Chirwa, komanso goloboyi Charles Thom. Ngakhale penate ija oyimbira anatipatsa kenako n'kuilanda ataonera VAR, amene anagwetsedwa anali Chirwa, wosewera kumbuyo. Popanda anthu amenewa, chigoli cha Gabadinho ku Yaoundé sichikanakhalapo, chifukwa timu ikanakhala itakwera kale ndege yobwerera ku Chileka.

Tsopano yerekezani ndi 2024, pa masewero odzigulira malo ku AFCON ya 2025. Burundi inatimenya 3-2 pakhomo pathu pa Bingu National Stadium. Burkina Faso inatimenya 3-1. Senegal inatimenya 4-0 kwawo, 1-0 kwathu. Masewero anayi, zigoli 11 m'ukonde mwathu, ulendo n'kuthera pomwepo. Taonani masewero ndi Burundi aja: tinamwetsa ziwiri pakhomo n'kugonjabe. Kodi pamenepo vuto linali sitiraika? M'masewero awiri omaliza, titasiya kulowetsedwa, tinapeza mapointi anayi: 0-0 ndi Burundi, 3-0 ndi Burkina Faso. Zigoli zitatu zija zinabwera tsiku limene kumbuyo kunali bata.

Ngakhale mbiri yakale imanena zomwezo kwa ofuna kumva. Pa 11 January 2010 ku Luanda, Flames ya Kinnah Phiri inaswa Algeria 3-0, timu imene inali itadzigulira kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Chigoli chachiwiri anamwetsa ndi Elvis Kafoteka, wotchinga kumbuyo, ndipo kaputeni anali Peter Mponda, wotchinga kumbuyonso. Mponda yemweyo ndi amene mu 2024 anatengetsa ligi Silver Strikers ngati mphunzitsi, Bullets itaitenga kasanu motsatizana. Dziko lino linabala Jack Chamangwana ndi Patrick Mabedi, amene onse anakatchinga kumbuyo ku Kaizer Chiefs. Kunena kuti Mmalawi sanabadwire kutchinga ndi ulesi wa maganizo.

Nanga n'chifukwa chiyani boma lalikulu ngati Mangochi silikutulutsa anthu otere mochuluka? Yankho lili pa mabwalo athu, ndipo aliyense amene anakulira kuno akulidziwa.

Zimayambira pa mpira wa chikulunga. Ana akamagawana matimu, wodziwa kunyenya ndi amene amasankhidwa koyamba. Wonenepa, wamng'ono, kapena wosadziwa kumenya amauzidwa kuti iwe khala pagolo. Wamtali wopanda liwiro amauzidwa kuti ima kumbuyo, ukabwera uzingomenya. Mwana amakula akudziwa kuti kukhala goloboyi ndi chilango, ndipo kutchinga kumbuyo ndi malo a anthu amene alephera kwina. M'mera mpoyamba. Pofika zaka 15, mnyamata aliyense waluso akufuna jezi nambala 9 kapena 10, ndipo kumbuyo kwatsala amene sanapeze malo.

Kenako pamabwera zikho za nthawi ya kampeni. Tonse tikuzidziwa. Chisankho chikayandikira, ofuna mpando amabwera ndi chikho, mayunifolomu ndi mipira iwiri. Pa tsiku la fainolo pamakhala mphoto ya timu yopambana ndi ya womwetsa zigoli zambiri. Ndi kangati munaona envelopu ikuperekedwa kwa wotchinga kumbuyo? Chigoli chikalowa, anthu amathamangira m'bwalo kukasupa womwetsayo, ena K500, ena K2,000, amene angobwera kumene kuchokera ku Joni mwina kuposa apo. Mnyamata amene analanda mpirawo pakati, n'kuupereka bwino, amabwerera pamalo pake chimanjamanja. Amene wakhala akudumphira mipira ya m'mwamba kwa mphindi 90 mpaka mutu kuwawa, anthu amamukumbukira pokhapokha akaphonya umodzi, ndipo pamenepo amamutukwanira ndi makolo ake omwe. Pa zachuma timaphunzira kuti anthu amathamangira kumene kuli phindu. Tikamalipira chigoli chokha, tisadabwe kuti aliyense akufuna kugoletsa.

Chachitatu ndi mabwalo enieniwo. Ambiri ndi a mchenga, a mabampu, ena otsetsereka. Pabwalo lotere, wotchinga kumbuyo amene akufuna kuimitsa mpira n'kupatsira mnzake pansi akudziika pa ngozi, chifukwa mpira ukhoza kudumpha n'kumuchititsa manyazi. Ndiye amaphunzira chinthu chimodzi: kuumenya kutali. Anthu amakuwa mosangalala mpira ukapita m'mwamba ngati kaiti, osadziwa kuti akuombera m'manja matenda. Mnyamata ameneyu akadzapita kukayesedwa ku timu ya mu ligi yaikulu, pabwalo losalala, amaoneka ngati sanagwirepo mpira. Goloboyi naye pabwalo la miyala sangaphunzire kudziponya, ndipo nthawi zambiri alibe magolovesi, alibenso munthu womuphunzitsa. Timu yonse ikamachita masewero olimbitsa thupi, iye amangoima pagolo kuti anzake azimuyeserapo mashoti.

Chachinayi n'chowawa kwambiri. Mnyamata wamtali, wamphamvu, wopirira, amene akanakhala nambala 5 wabwino, ndi yemweyo amene akufunidwa kunyanja kukakoka khoka, ndi yemweyonso amene achibale akumusonkhera ndalama ya basi yopita ku Johannesburg. Sitiraika wa m'mudzi ali ndi chomusunga: amatchuka, amasupidwa, matimu oyandikana amamubwereka pa ndalama. Wotchinga kumbuyo alibe chilichonse chomuuza kuti akhale. Akafika zaka 18 n'kuona kuti mpira sukumupatsa ngakhale ya sopo, amanyamuka. Khoma la Mangochi lili ku Joni, likugwira ntchito m'mashopu ndi m'minda ya maluwa ya anthu ena.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a kunyanja amaidziwa bwino nzeru imeneyi, koma pa usodzi pokha. Pitani ku Msaka kapena ku Malembo usiku wa mdima mukaone chilimira. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake, kuitana usipa. Ndi luso lalikulu, ndipo siginala wabwino amalimbiranidwa. Koma palibe mwini khoka wamisala amene angawononge ndalama zake zonse pa siginala n'kutenga ana osadziwa kukoka zingwe. Akudziwa kuti usipa ukhoza kusonkhana wochuluka chotani pansi pa nyali, ngati okoka achedwa kapena mbali imodzi yafooka, nsomba zonse zithawira pansi ndipo mafuta a injini apita pachabe. Munthu yemweyo, amene pa nyanja salola chibwana chotere, Lamulungu masana akakhala pa komiti ya timu amati ndalama yonse tigulire sitiraika wa ku Namwera.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anene, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Anena kuti vuto lodziwika la mpira wa ku Malawi ndi kusagoletsa, ndipo aloza masewero ambirimbiri a 0-0 ndi 1-0 mu ligi yathu. N'zoona kuti sitigoletsa mokwanira. M'masewero asanu ndi amodzi a 2024 aja Flames inamwetsa zigoli 6 zokha. Koma funso ndi lakuti chigoli chimachokera kuti. Onerani masewero alionse a ligi ya m'chigawo, muwerenge kuti sitiraika walandira kangati mpira wa pansi, akuyang'ana golo. Nthawi zambiri amalandira mipira yochokera kumwamba, atafulatira golo, ali pakati pa adani awiri. Mpira umenewo wachokera kwa wotchinga kumbuyo amene sadziwa kupatsira, wadumpha nambala 6 amene palibe akumukhulupirira. Sitiraika wotere ali ngati Mahomes wa 2021: luso lilipo, koma nthawi ndi malo palibe. Kusagoletsa kwathu ndi matenda a kumbuyo amene zizindikiro zake zimaonekera kutsogolo. Mutu ukamawawa chifukwa cha malungo, kumanga nsalu pamutu sikuchiza.

Ena anena kuti ndikulalikira mpira wamantha, wopaka basi, wosasangalatsa. Ayi. Timu imene ili ndi khoma lodalirika ndi imene imalimba mtima kupita kutsogolo ndi anthu ambiri, chifukwa ikudziwa kuti mpira ukatayika pali wotsala. Okonda ligi ya ku England amene amadzaza mashowo a mpira pa Monkey Bay ndi pa M'baluku akukumbukira Liverpool ya Salah, Mané ndi Firmino. Inkagoletsa kale, koma chikho sichinkabwera. Mu 2018 inagula Virgil van Dijk pa mapaundi 75 miliyoni ndi goloboyi Alisson. Mu 2019 inatenga Champions League, mu 2020 inatenga ligi patatha zaka 30. Kodi Liverpool imeneyo inkatopetsa? Ndipo mbali inayo ya nkhani ilinso ndi umboni. Mu 2003 Real Madrid inagulitsa Claude Makélélé, nambala 6 wake, chaka chomwe inagula David Beckham. Inali ndi Zidane, Ronaldo, Figo ndi Raúl, koma ligi sinaionenso mpaka 2007. Chelsea, kumene Makélélé anapita, inatenga ligi ya 2004-05 italowetsedwa zigoli 15 zokha m'masewero 38.

Enanso anena kuti ife Amalawi ndife afupiafupi, sitingapikisane ndi zimphona za ku West Africa pa mipira ya m'mwamba. Apa pali choonadi china chimene sichiyenera kutiseketsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Msinkhu wa nambala 5 umayambira m'mbale ya mwana wa zaka ziwiri. N'zochititsa manyazi kuti boma limene limatumiza usipa, utaka ndi chambo ku misika ya ku Limbe ndi ku Lilongwe likhale ndi ana osadya mokwanira. Komabe msinkhu si nkhani yonse. Makélélé sanali wamtali. Fabio Cannavaro, amene anatenga Ballon d'Or mu 2006 ali wotchinga kumbuyo, anali wamfupi poyerekeza ndi anzake a pamalo amenewo. Kutchinga ndi kuwerenga masewero, kudziwa poima, kulankhulana ndi anzako. Zimenezi zimaphunzitsidwa, ndipo kuphunzitsa n'kotsika mtengo kuposa kugula.

Amene akukayika kuti dera la m'mbali mwa madzi lingakhale fakitale ya osewera ayang'ane ku Senegal. Tawuni ya Saly ndi ya mahotela ndi mchenga, ngati mmene kulili kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Kumeneko kuli sukulu ya mpira ya Diambars, imene inayamba mu 2003 ndipo mmodzi mwa oiyambitsa ndi Patrick Vieira. Mwana wake wodziwika kwambiri ndi Idrissa Gana Gueye, wosewera pakati amene ntchito yake ndi kulanda mipira. Morocco, imene inatitulutsa mu 2022, ili ndi sukulu ya Mohammed VI imene inatulutsa Youssef En-Nesyri, amene anatibwezera chigoli tsiku lija, komanso Nayef Aguerd wotchinga kumbuyo. Kumapeto kwa chaka chomwecho Morocco inafika mu semifainolo ya World Cup italowetsedwa chigoli chimodzi chokha m'masewero asanu, chimenenso anadzimwetsa okha. Ife tinatenga vidiyo ya chigoli cha Gabadinho n'kumaizungulitsa pa Facebook. Anzathu anatenga khoma lawo n'kupita nalo ku Qatar.

Ndipo umboni woti nyanja yathu ili ndi luso ulipo kale. Timu ya Malawi ya mpira wa pamchenga inafika ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo, Mozambique, mu 2022. Masewero amenewo kwawo ndi m'mbali mwa nyanja. Mnyamata wokulira pamchenga amakhala ndi miyendo yolimba, amadziwa kudumpha, saopa kugwa. Goloboyi wabwino amafuna zomwezo. Mchenga wa ku Makawa ndi malo abwino ophunzitsira goloboyi kudziponya kuposa bwalo lililonse la fumbi la mu Ndirande. Chosowa ndi munthu woti aime pamenepo ndi mipira isanu katatu pa mlungu.

Ndiye ngati pali gulu la anthu, kaya amalonda a pa Boma, kaya eni malo ogona alendo, kaya ana a kuno amene ali kunja, limene likufunadi kuti Mangochi idzakhale ndi timu mu ligi yaikulu, mndandanda wa zosowa ndi uwu, motsatana kwake. Choyamba, mphunzitsi wa magoloboyi, ngakhale wa maola ochepa, ndi magoloboyi atatu, osati mmodzi ndi mnzake wongodzaza benchi. Chachiwiri, otchinga pakati anayi, chifukwa ligi ndi yaitali, anthu amavulala, makadi amabwera, ndipo timu ya Kansas City yatiphunzitsa zimene zimachitika awiri akagwa nthawi imodzi. Chachitatu, anambala 6 awiri odziwa kulandira mpira kuchokera kumbuyo. Chachinayi, a m'mbali odziwa kubwerera. Sitiraika abwere pomaliza. Mudzadabwa kuona kuti amene muli naye kale uja, mumamunena kuti ndi wophonya, ayamba kugoletsa akayamba kulandira mipira ya ulemu.

Malipiro nawo atsate nzeru yomweyo. Ngati pali bonasi ya chigoli, pakhalenso bonasi ya masewero amene timu sinalowetsedwe, ndipo igawidwe kwa goloboyi, a kumbuyo onse ndi nambala 6. Wothandiza aliyense wobweretsa chikho, kaya ndi wandale kaya ndi wabizinesi, auzidwe ndi makomiti a masewero kuti mphoto ya goloboyi ndi ya wotchinga kumbuyo ikhale yofanana ndi ya womwetsa zigoli, apo ayi chikho chake abwerere nacho. Ndipo m'malo mogula mayunifolomu olembedwa dzina lake amene atha pakatha miyezi itatu, asalaze bwalo limodzi. Bwalo losalala lidzaphunzitsa ana kupatsirana mpira zaka khumi iye ataiwalika.

Bungwe la FAM, limene kuyambira December 2023 likutsogoleredwa ndi a Fleetwood Haiya, nalo lili ndi gawo lake. Maphunziro a aphunzitsi a magoloboyi ndi a ana asamathere ku Chiwembe ndi ku Lilongwe. Abwere ku Mangochi, ku Monkey Bay, ku Namwera, ndipo oyamba kuitanidwa akhale aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale, chifukwa ndi amene amasankha kuti mwana uti aime pati. Osaka luso akabwera, asamangobwera pa fainolo n'kulemba dzina la amene wagoletsa. Akhale masewero atatu, ayang'ane amene akulankhula kumbuyo, amene akutseka mipata, amene mpira ukatayika amakhala woyamba kubwerera. Izi zikukhudzanso atsikana. Tonse timanyadira Tabitha ndi Temwa Chawinga, ndipo Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City komweko. Koma Scorchers imene inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 inali ya anthu 11, ndipo mtsikana wa ku Malindi amene akufuna kukhala goloboyi akufunika womuphunzitsa ngati mnyamata aliyense.

Gawo lomaliza ndi lathu, ife a m'makoleji ndi amene tangomaliza kumene. Ndife amene timalemba pa masamba a mchezo, ndife amene timayendetsa mapeji a zamasewero, ena mwa ife tikulowa m'mawailesi a m'madera, ena tikukaphunzitsa m'sukulu za sekondale za ku Katuli ndi ku Nankumba. Timadzitama kuti tinaphunzira kusanthula zinthu, koma tikafika pa mpira timaganiza ngati mwana wa sitandade 3: wagoletsa ndani? Tikhoza kulemba ndime zisanu za xG ya Arsenal, koma sitingatchule otchinga kumbuyo awiri a timu ya kwathu. Ngati ophunzira sitingathe kuona ntchito yosaoneka, tikuyembekeza kuti aione ndani?

Ndipo tisanamizane, khalidwe limeneli silithera pa mpira. Ndi lomwe lija lotamanda wodula riboni n'kuiwala wokonza mjigo, lomanga chipatala chokongola n'kusalemba anamwino, logula galimoto ya bwana pomwe ambulansi ilibe matayala. Dziko lokonda sitiraika limakhala ndi zigoli zingapo zokongola zoti lizikumbukira, ndi zigonjetso zambiri zoti liziiwala.

Tchuthi chikubwerachi ambiri tipita kumudzi, ndipo Lamulungu tidzakhala m'mbali mwa bwalo. Ngati muli ndi K1,000 yoti musupe, dikirani kaye chigoli chilowe, anthu athamangire womwetsayo. Inu muyang'ane kumbuyo, mupeze mnyamata amene analanda mpirawo, mumufunse dzina lake, mumupatse ndalamayo anthu akuona. Kenako mulembe dzinalo pa peji yanu. Mwina chaka chamawa, achibale akadzamuuza za basi ya ku Joni, adzayamba waganiza kaye.